Makiyi Ali ndi Ine

Lachinayi ndinapeza dzina lako, Sumani,
m'buku la matabwa a kampani,
pamzere wa malole asanu ndi awiri
amene anatsika phiri usiku osayatsa nyali.
Kalembedwe ndi komweko ka pakalata ija
ndimasunga kunsi kwa pilo.

Loweruka ukuti, tiye kumtunda
ukaone dzenje la Chingwe, sunafikeko.
Ndavomera. Koma galimoto ndi yanga,
zaka zitatu za ngongole,
ndipo chiwongolero sindibwereketsa.

Titadutsa Mulunguzi nkhungu yameza msewu.
Kamnyamata katigulitsa mabulosi m'kambale,
ukundidyetsa limodzilimodzi
mpaka zala zako zafiira.
Ndiname kuti mtima sunadumphe?
Malaya ako akununkhirabe utuchi wa paini.

Ukufunsa ngati zocheza:
Ndaziona, buku lija unawerenga lonse?
Ndikuti, ine ntchito yanga n'kuwonkhetsa basi.
Sindikukuuza kuti masamba ake anagona ku Matawale
kwa mchemwali wanga, mu envulopu,
ndipo ikakwana faifi ndisanaimbe
akudziwa khomo loti akagogode.

Tafika pakamwa pa dzenje.
Mphepo ikuchokera pansi, ya fungo la ndere.
Watambasula dzanja.
Lokokera pachifuwa kapena lokankha,
nkhope yako sikunena.

Ndaima mapazi atatu kumbuyo,
makiyi ndafumbata, mano ake atulukira pakati pa zala.
Lankhula, Sumani.
Kwatsala mphindi makumi anayi,
ndipo chitsiru china m'kati mwangamu
chikupempherabe kuti ukhale ndi yankho.