Wotchi Inafa Mwezi wa Juni

Wotchi yowerenga kugunda kwa mtima,
imene mlamu anabwera nayo kuchokera ku Joni,
inazima m'mawa wina wa Juni
chisanu cha pa Dedza chitaumitsa sopo kubafa.

Ndinainyamula kuchipatala ngati khanda lodwala.
Anamwino a Nangondo anaitembenuza kawiri
n'kundibwezera.
"Bambo Chadza, chifuwa munabadwa nacho,
wotchi mwaidziwa dzulodzuloli.
Kakwereni phiri lanu, koma muzikwera mukuyankhula.
Mawu akayamba kuduka, ndiye kuti mwauzidwa."

Loweruka lililonse timadutsa pa depoti
makondakitala asanatsuke kukhosi,
ine ndi Filimoni wosoka nsapato kumsika,
iye wa shuga, ine wa bipi.

Pachidikha timayimba za kwaya yathu yakale,
mavesi onse, ndi lomwe tinaiwala lomwe.
Thupi limati: ziwiri pa khumi,
ukungocheza iwe.

Tikalowa m'mapaini nyimbo imatsalira yokha.
Zimatsala nkhani:
mtengo wa feteleza,
mwana wake amene anasiya kuyimba foni,
kachewere wa ku Bembeke amene wavunda chaka chino.
Chiganizo chimatuluka chathunthu
koma chofunda, chofuka nthunzi pamlomo.
Zisanu. Mwina ndi chimodzi pamwamba.
Apa mpomwe anamwino anati pakhale pakwanu.

Ndiye pali chitunda chija cha pamwala wong'aluka
pomwe Filimoni amandifunsa dala funso lalitali.
Ndimati, "Eya."
Amafunsanso.
"E..."
M'makutu muli ng'oma,
malovu akukoma ngati ndalama yachitsulo.
Zisanu ndi zitatu izo, sindidikira kuuzidwa.
Kale ndikanaluma mano
kuopa anyamata a mpira amene amatipitirira
akukuwa kuti, "Madala, musatifere pano!"
Masiku ano ndimafupikitsa phazi
mpaka mpweya umene ndinausiya kumbuyo undipeze
ndi kundibwezera mawu anga, limodzilimodzi.

Koma sikelo imeneyi ilibe ulemu.
Sabata ija nditachezera pamaliro ku Linthipe,
njira yomweyo, miyala yomweyo,
pachidikha penipeni inati zisanu ndi ziwiri.
Ndinakangana nayo:
pano timayimba pano!
Miyendo inangokhala chete, yolemera ngati matumba a simenti.
Ndinabwerera pa mjigo,
kusiya Filimoni akukwera yekha m'nkhungu,
ndipo manyazi anandiperekeza mpaka pachipata.
Phiri ndinalipeza pomwepo Loweruka linalo.

Wotchi ija tsopano amavala mdzukulu wanga Tiyanjane,
imamufika m'chigongono.
Ndikamabwera, nsapato zili matope,
amayang'ana galasi lake lakuda, nkhope ili gwa ngati dokotala,
n'kundifunsa, "Agogo, lero zingati?"
Ndimayamba ndakhala pakhonde,
ndimvetsere kaye m'kati umu,
kenaka ndimuuze.