Katoni ya Pansi pa Bedi

Zaka zisanu ndi ziwiri zinagona m'katoni ya sopo
pansi pa bedi, pambali pa nsapato zaukwati.
Malisiti ena chiswe chinawerengeratu,
chinangondisiyira maziro.

Ndinkati kachewere salipira msonkho,
amachoka m'dothi, ndipo dothi n'la makolo.
Koma lole ija sinamere m'dothi,
ngakhalenso chigayo cha pa Lizulu.
Ndinkadziwa.
N'chifukwa chake galimoto yoyera ikaima pamsika
ndinkakumbukira mwadzidzidzi kuti ndili ndi maliro ku Tsangano.

Anandigwira si wapolisi.
Anali msungichuma wa pasukulu yogonera,
wofuna kabichi wa chaka chonse:
"A Chidzanja, mtengo tagwirizana,
tingoona chikalata chanu cha msonkho."
Ndinayankha kuti ndachiiwala m'jekete ina.
Ine jekete ndili nayo imodzi.

Esinati, mwana wanga wachisamba,
anayala zaka zonsezo pamkeka,
miyala pamwamba, kuopa mphepo ya mu Juni.
Masiku atatu tikuwonkhetsa:
matumba makumi asanu ndi atatu, Limbe;
tayala lophulika pa Kampepuza;
dizilo, dizilo, dizilo;
ngongole ya mlamu yosabwerera.
Kenako anandifunsa za tsidya la msewu,
za ndalama za ku Mozambiki zolowa m'sokosi.
"Zimenezo zisiye," ndinatero.
Iye anaika cholembera pansi.
"Bambo, dzino lowola sazula theka."
Tinazilemba.

Lolemba ndinakwera minibasi ya kuboma
ndi bulangete m'chikwama,
poti ndinamva kuti m'chitokosi mumazizira.
Mayi wa magalasi pakauntala sanakweze mawu.
Anangonyowetsa chala
n'kuyamba kutembenuza moyo wanga tsamba ndi tsamba.
Makina ake owerengera ankalira ngati nkhululu.
Msonkho. Chindapusa. Chiwongoladzanja pamwamba pa chindapusa.
Atanditembenuzira pepala
ndinapempha madzi.

"Mukadadikira kuti tikupezeni, ikanakhala nkhani ina.
Muzilipira mwezi ndi mwezi. Sainani apa."
Dzanja lonyamula thumba la kachewere osapumira
linanjenjemera ndi kacholembera ka buluu.

Mlandu suwola, zoona,
koma sindinkadziwa kuti umabereka.
Ng'ombe ziwiri zapita, Bulaki ndi Nyanga.
Malata a khonde adikira chaka chamawa.
Mkazi wanga sanandilankhule mpaka Lachinayi,
ndipo atalankhula anangoti,
"Bulangete langa mwabwera nalo?"

Dzulo galimoto yoyera inaima pachigayo.
Ndinapitiriza kuyeza mgaiwa.
Anali anthu ofunsa njira ya ku Mlangeni,
ndipo ndinawalozera ndi dzanja lonse.

Malisiti atsopano ndimabaya pawaya pafupi ndi khomo,
Esinati amawakopera m'kope Loweruka lililonse.
Katoni ija ndaipereka kwa thadzi.
Waikiramo kale mazira anayi,
ndipo mwa chizolowezi chatsopanochi
ndinagwada n'kuwawerenga kawiri.