Buledi wa ku Los Olivos

Kuchokera pa uvuni wa a Eusebio
kukafika pa golosale ya mayi Hermelinda
ndi mapazi mazana awiri, ukakhala mbalame.
Ine si mbalame.
Ndili ndi njinga ya mawilo atatu
ndi madengu anayi a buledi wotentha.

Chaka chija akuba atathyola kwa dokotala wa mano,
anthu anasonkha ndalama
nawotcherera chipata chachitsulo pakamwa pa msewu.
A msewu wachiwiri ataona, nawonso anatseka.
Lero Lima wa kuno kwathu wasanduka mtengo:
nthambi iliyonse imathera pa loko,
thunthu ndi limodzi,
ndipo tonse timathithikana m'menemo,
minibasi, matakisi, lole ya gasi,
ambulansi yolira popanda woipatuka,
ine pakati, utsi m'mphuno,
buledi akuzizira kumbuyo kwanga.

Mphindi makumi anayi. Ndinawerenga.
Mayi Hermelinda amamudina ndi chala
napukusa mutu, osanena kanthu.

Lachiwiri lina pamphambano panaima Yesenia,
mtsikana wa ku khonsolo, chipewa chachikasu,
akulemba timizere m'kabuku, galimoto iliyonse kamzere.
Anati akuluakulu akufuna kukuza msewu waukulu,
agwetse mitengo, athire phula lina.
Anaseka pang'ono. Anati mukakuza mphika
alendo amangochuluka.

Kenaka anatola thumba la anyezi lotayidwa m'ngalande,
lija loluka ngati ukonde,
nadula ulusi umodzi ndi mano.
Onani, anatero, silinamasuke.
Mfundo iliyonse ili ndi njira zinayi,
ina ikaduka, katundu amadzera kwina.
Mzinda wanuwu munauluka ndi ulusi umodzi.

Msonkhano unatha milungu itatu.
Dokotala wa mano anamenya tebulo.
Mayi wina anakumbutsa za mwamuna wake
amene anatsirizika ambulansi ikusaka polowera,
anthu onse zii.

Anagwirizana chipata chimodzi chokha,
sikisi koloko mpaka naini.
Kiyi amasunga a Aurelio,
omwe masiku ena tulo timawapitirira,
ine n'kumaimba belu la njinga pansi pa windo lawo.

Koma dzulo anadzuka.
Ndinadutsa, mphindi zinayi,
ana a sukulu akuthamanga pambuyo panga,
ndipo mayi Hermelinda atadina buledi
anachotsa chala msanga
nachiika m'kamwa.