Phiri Landiiwala

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndikupala mamba a nsomba ku Callao,
ndiye lero phiri londibala likufunsa:
kodi mayi, kwanu n'kuti?

Silinafunse ndi pakamwa.
Landigwira pakhosi titangopitirira khola la maalupaka,
landikhoma nyundo kuseri kwa maso,
du, du, du,
mpaka ndakhala pamwala ngati thumba logwa pa bulu.

Nemesio, mlongo wanga,
yemwe ndinkamubereka m'njira yomweyi mamina ali chuchuchu,
waima chakumtunda, manja m'thumba,
akuyang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akundidikira.
Iye mpweya ukumukwana.
Ine ndikuukoka ngati madzi a pampopi wa kutauni
Loweruka m'mawa:
phokoso, kadontho, phokoso.

“Teófila, tafuna.”
Masamba atatu a koka.
Wayamba wawauzira cha kunsonga ya phiri
monga ankachitira bambo.
Kuwawa kwake ndakuzindikira. Lilime lachita dzanzi.
Mutu sunamve.

Pachipata pali kanyumba tsopano, ka malata obiriwira,
ndi mtsikana wa chipewa cha boma, buku lili pamwendo.
Wawerenga chiphaso changa: Callao.
Mtengo wa alendo.
Nemesio wayamba kukweza mawu m'Chikechuwa,
ndamugwira mkono,
osati mwaulemu ayi,
mpweya wokanganira ndinalibe.
Ndalipira kuti ndilowe
momwe ndinkausa matalala ndili ndi nkhosa.

Mabwinjawo sanasunthe.
Miyala yalumana popanda dothi,
nsonga ya mpeni wanga wa nsomba singapeze polowa.
Makomo otambasuka pansi, opanikizika pamwamba.
Madenga anatsagana ndi eni ake kalekale,
koma kangalande kaja kakuyendabe madzi
ngati sikanamve za maliro.
Mnyamata wina akuuza gulu la zipewa zazikulu
kuti pano ankapembedzerapo dzuwa.
Kaya. Ife tinkawotchapo mbatata.

Amene anakoka miyala iyi
anali ndi mapapu otani?
Ine kachikwama ka malalanje anayi kandikanika,
kakulendewera paphewa la Nemesio.

Masitepe makumi anayi ndi atatu.
Ndikudziwa chifukwa ndimaima nditakwera asanu,
n'kunamizira kuona mitambo.
Pamwamba penipeni ndasanza
kuseri kwa khoma la mfumu, kaya la wansembe,
ndapepesa, sindidziwa kwa yani.

Kenako kachiboo kaja,
kachitatu kuchokera pakona, cha m'chiuno.
Kale kanali pamphumi.
Madzulo oti mawa ndikwera lole
ndinabisamo kamtengo kanga kopotera ubweya,
ulusi uli pakati, wosatha,
ndimati ndidzamaliza pa Khirisimasi.
Ndapisa dzanja:
fumbi lozizira, pepala la switi, ndowe za mbewa.

Nanga ndimayembekeza chiyani?

Nemesio waseka, mano obiriwira ndi koka.
“Ndinakatenga chaka chomwecho.
Mayi anakapota mpaka kanatha kunsonga.”
Wavula chisoti chake choluka,
chakale, chong'ambika chingwe chimodzi,
wandiloza cha pakhutu
pomwe ulusi wofiirira watupa mfundomfundo.
“Apa ndi pako. Sunkadziwa kupota iwe.
Ndi pokhapo pamandiyabwa.”

Ndafuna kuseka, mpweya wakana.
Chatuluka ndi chifuwa.

Tatsamira khoma lofunda ndi dzuwa,
iye akusenda lalanje ndi chala chosweka ndi chisanu.
Pansi pathu mtsinje wa m'chigwa suli kumveka,
ndi kaulusi koyera basi,
ndipo mthunzi wa phiri wayamba kudya minda ya mbatata
umodzi umodzi kuchokera kumunsi.
Mtima ukugogodabe
ngati mlendo wofika usiku
pakhomo pomwe anthu agona kale.

“Masiku atatu,” watero Nemesio,
“magazi amakumbuka. Ungopirira masiku atatu.”

Ndagwedeza mutu, ndalandira kachigawo ka lalanje.
Tikiti ya basi ili m'kamisolo, yanyowa ndi thukuta.
Ndi ya mawa, sikisi koloko m'mawa.
Sindinamuuze.