Kufewetsa Fupa

Linabwera Lachiwiri m'kabotolo,
kachidutswa kochepa ngati nzama,
kochokera m'ntchafu ya a Zgambo,
ocheka matabwa ku Chikangawa.
Papepala panali nambala yokha,
koma ine ndinali nditawaona pakhonde la wodi
atatsamira ndodo, akutsutsana ndi mlonda
za mtengo wa paini masiku ano.

Suzgo anati: thira asidi, mlongo,
pofika mawa likhala ngati chinangwa chophika.
Ndinakana.
Asidi amafewetsa, inde,
koma amafufuta zolembedwa.
M'fupamu muli timakalata tosaoneka
tomwe selo lililonse limalemba ponena zomwe likuchita,
ndipo timaonongeka msanga kuposa bowa wa ku Zigwagwa.
Ndili mwana ndinamva kuti fupa lokakamiza limaswa mphika.
Muno mphika umatsala bwinobwino,
fupalo ndilo limasiya kuyankhula.

Choncho ndinaliviika m'mankhwala aulesi,
oyamwa kuuma kwake pang'onopang'ono,
ndi kuliika m'fuliji.
M'mawa uliwonse ndimatsika kabaza nkhungu ili tolo,
juzi yanyowa ndi mvula yosasankha mwezi ija,
kuvala magolovesi, kutseka pakamwa,
pakuti ngakhale thukuta la chala changa
lingadye mawu a munthu wina.
Kutaya madzi adzulo, kuthira atsopano.
Kulibaya ndi singano.
Likana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi magetsi anazima.
Jenereta anatsokomola kawiri, nagona.
Ndinathamangira ku Chibavi kwa mayi wogulitsa mafilizesi,
ndinagula onse, ofiira ndi achikasu omwe,
ndi kuzinga nawo kabotolo usiku wonse.
Mayiyo anafunsa ngati kwathu kuli ukwati.

Lakhumi ndi chitatu singano inalowa yokha.

Tsopano lili m'phula, pampeni wa makina,
ndipo wocheka ndine.
A Zgambo, mukanaona matabwa angawa mukanaseka:
opyapyala kuposa khoko la anyezi,
ndikapuma pafupi amauluka.
Loyamba lapindika. Lachiwiri lang'ambika pakati.
Lachisanu lili ndi mzere wa mpeni wobuntha.
Inu utuchi mumausiya m'nkhalango,
ine chilichonse chogwa pansi
ndi chidutswa cha mwendo wanu,
ndipo simudzandipatsanso china.

Lachisanu ndi chitatu lagona bwino pagalasi.

Kumene likupita adzaliyala pa timadontho zikwizikwi,
kadontho kalikonse ndi nambala yake
ngati mapuloti a ku Mchengautuwa.
Tikanalisinja fupali, tikanamva phokoso lokha,
longa la pasitediyamu chigoli chikalowa,
osadziwa wafuula ndani.
Ife tikufuna kuyenda khomo ndi khomo:
apa pali womanga, akuitanitsabe njerwa,
apa wogumula, yemwe samvanso akauzidwa kuti basi,
apo, m'mphepete mwa mafuta a m'kati,
pamene chotupa chinayambira kunong'ona,
ndani anavomera, ndani anakhala chete.

Pachipata ndinakumana ndi Nyazgambo
atanyamula fulasiki ndi bulangete lopinda.
Anati: mwapezamo chiyani?
Ndinati sitinawerenge, ndangokonza tsamba.
Anandiyang'ana ngati munthu amene wakhala masabata awiri
akuphika ndiwo zosadyedwa.
Sindinamuuze kuti yankho likadzabwera
mwina lidzathandiza bambo a wina.
Ndinamuthandiza kukweza katundu pakabaza.

Bokosi ndalimata kawiri, ndalemba kuti lisatembenuzidwe.
Basi ya usiku yadutsa pa Katoto, yaloza kummwera.
Ikamakwera phiri idzadutsa pakati pa zitsa zawo,
pomwe utuchi ukadali wonyowa,
kondakitala atakhalira bokosi langa
ngakhale ndinamupempha kuti asatero.