Makutu Asanu ndi Awiri

Ndili ndi makutu asanu ndi awiri muno mu Mchinji:
lina pa thanki ya madzi ku Kamwendo,
lina padenga la sukulu ku Waliranji,
ena pa milongoti yadzimbiri mpaka ku Mkanda.
Funso lawo ndi limodzi usana ndi usiku:
kodi mwini njira ya mafundeyi akuyankhula,
kapena wakhala chete tidutsepo ife obwereka?

Onse amandiyankha. Ine ndimawerenga mavoti.

Khutu la kuseri kwa phiri limalakwa, ndimalidziwa.
Thanthwe limameza mawu asanalifike,
ndiye limati kuli zii
mwini wake ali m'kati molengeza za maliro.
Limenelo si labodza, ndi logontha chabe,
kulakwa kwake kumabwera ndi mitambo.

Koma la ku Kapiri!
Masabata atatu, ikangokwana faifi koloko:
muli munthu, muli munthu, musalowe.
Anzake akuti njira ili mbee.
Ife n'kupatuka mwaulemu,
zotsatira za magazi zimene namwino Msatida akudikira
n'kugona panjira mpaka kucha.

Bodza lopusa limakuwa tsiku lonse,
ndimaligwira tiyi asanazizire.
Ili linkanena zoona kasanu ndi kanayi
kuti ligule mtima wanga,
kakhumi n'kuba.

Ndinasiya kuwerenga mavoti, ndinayamba kuyeza,
ngati wogula mtedza
amene adapezapo mchenga pansi pa thumba.
Khutu lililonse ndi mbiri yake m'kope,
dzulo lake, dzana lake,
ndani wagwirizana ndi mnzake, ndani wayenda yekha,
nthawi yanji.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto.
Bokosi ndinalipeza lotsegulidwa, zomangira zitakalika,
waya wofiira akutsika ndi khoma
kukalowa m'chisakasa cha a Gwedeza,
mmene anyamata makumi anayi ankakuwira mpira
wodutsa m'njira imene tinaisiya ife.

Anandipatsa mpando, osachita manyazi.
"Asisi, mlengalenga ndi wa ndani?"
Ndinayang'ana anyamatawo.
Ndinakumbuka magazi aja.
Yankho linandibwerera nditafika kale ku boma.

Khutulo sindinalidule.
Ndinalichepetsa mawu, limanong'ona tsopano,
lidzakwera pang'onopang'ono likamanena zoona.

Usiku magetsi akathima, batire ikulira,
ndimakhala ndi manambala anga ndekha.
Asanu ndi awiri aja ndimawayeza ine.
Sikelo yangayi
sindinamuonebe woiyeza.