Milatho ya M'tsitsi

Loweruka pa saluni yanga ku Rosettenville
pamanunkha dzira lowola.
Ine ndidazolowera. Makasitomala ndiwo amakwinya mphuno,
Sisi Dikeledi n'kumati tsegulani chitseko,
chonsecho mphepo ya Juni ikubaya m'mafupa.

Mwana wanga Mwandida, wokwera takisi ziwiri
kupita ku yunivesite ku Braamfontein,
ndiye adandiuza dzina la fungolo:
sulufule, amayi.
Ndidati, yomwe ija ya abusa, ya moto wa ku Sodomu?
Adaseka mpaka misozi,
natenga risiti ya magetsi, najambula kuseri kwake
mizere iwiri yaitali, yokhotakhota,
pakati pake timilatho:
S wagwira dzanja la S mnzake.

Akuti tsitsi ndi puloteni, ulusi pambali pa ulusi.
Kugwirana kwina m'menemo n'kwachibwana,
madzi amasula, dulaya amanganso,
n'chifukwa chake lowongola ndi moto
mvula ya masana ikalipeza pa Bree, basi zatha.
Koma milatho ya sulufuleyi mvula siyiisuntha.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikugumula milatho
osadziwa.
Mankhwala oyamba amadula.
Ndimakulunga tsitsi pa marola, diso pa wotchi.
Achiwiri amamanga, koma tsopano S aliyense
wagwira amene wapezeka naye pafupi,
osati wakale uja.
Ukatayako mphindi zisanu pa foni
tsitsi la mwini limatsalira m'chipeso.
Ndidalipirapo ine, marandi mazana asanu ndi atatu,
kuphatikiza manyazi.

Bambo ake amamata matayala ku Booysens.
Mwandida akuti kumenekonso nkhani ndi yomweyo:
mphira wamuwisi amanata padzuwa,
ukamuphika ndi sulufule amakhwima, n'kusenza lole,
koma milatho ikachulukitsa
amauma gwa, n'kumang'aluka.
Iwo adangoti eti,
n'kupitiriza kutokosa girisi m'zikhadabo.
Zikhadabozonso, adatero mwanayo.

Usiku, ndikusesa tsitsi la anthu asanu ndi anayi,
yandibwerera basi ija itaima pa Beitbridge,
mwana kumsana, pasipoti m'kamisolo.
Adagwira wotchi ndani tsiku limenelo?
Achemwali ku Balaka
ndidawaimbira komaliza pa Khirisimasi.
Kiyi wa nyumba yanga amasunga ndi Dona Celeste wa ku Maputo,
amene timamvana ndi manja ndi theka la Chizulu,
ndipo atagonekedwa m'chipatala chaka chatha
amene adamusambitsa ndine.

Pagalasi, kunsi kwa lowongoka langali,
lamera kale lina, kutalika ngati chikhadabo,
lopotana, lokana chipeso,
lokhala ngati la malemu mayi.
Silidamve kuti tidasamuka.

Mankhwala alipo pa shelefu, botolo losatsegula.
Ndalitembenuza, ndawerenga tsiku lake lothera ntchito.
Kunja takisi yomaliza ikuliza hutala.
Ndazimitsa getsi.